Belingi Imene Sindinapime

Ine Rabecca Chulu ndili ndi pakamwa, aliyense pa Boma la Petauke angakuuzeni. Ndimakalipila madalaivala, ndimatukwana mabauti a dzimbili, koma bodza la pa ntchito ndinali ndisananenepo chibadwile. Loyamba ndinalinena Lachinayi m'mawa, pamaso pa amalume ake a mwamuna amene ndifuna kukwatiwa naye, ndipo ndinalinena ndikumwetulila.

Mwamunayo ndi Wilbroad. Kwawo ndi ku Kacholola, koma amagulitsa mbeu ndi feteleza m'shopu ina kuno. Tinadziwana atabweletsa njinga yamoto ya abwana ake ku galaja ya atata, ine ndili m'ovolosi, gilisi mpaka m'makutu. M'mawa mwake anabwelanso, ati tcheni chikulila. Tcheni sichinali kulila. Kachitatu anabwela, ati hutala, ndiye ndinamuuza kuti, “Iwe, ngati ufuna ine nena, usandithele nthawi.” Ananena.

Vuto linali amai ake. Ankati mkazi wogona pansi pa njinga tsiku lonse sangasunge mwana wawo. Iwo anali naye kale wawo, Cynthia, mtsikana wa kwaya ya kwawo amene ali ndi saluni pafupi ndi msika wathu, manja osalala, kulankhula ngati akuyimba. Koma m'banja la Wilbroad mawu omaliza a ukwati amachokela kwa amalume, a Nyendwa, ndipo a Nyendwa anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachikonda kuposa ng'ombe zawo: njinga yamoto yakale ya masilinda awili, imene anaigula atapuma ntchito. Amakanika atatu anali ataiyesa, koma inkagogodabe.

Anaikweza pa lole n'kudzaitsitsa pakhomo pa galaja yathu.

“Ndamva ati ndinu makanika,” anatelo, akundiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kunsapato. “Mlongo wanga akuti ndi masewela chabe. Ine sindiyendela za anthu. Konzani iyi, ndidzaitenga Lachinayi la sabata ya mawa. Ikandifikitsa ku Kacholola, Loweluka ndibwela kwa atate anu ndi mawu a ukwati.”

Ndinaseka ndithu. Ndinati ukwati wotchipa chonchi sindinauonepo.

* * *

Atata, a Chulu, maso awo anafooka, koma ntchito yonse ndinaiphunzila kwa iwo. Pakati pa belingi ndi chitsulo chozungulila m'kati mwake, chimene timachitcha kilanki, pamafunika kampata kopitamo oilo, kochepa kuposa tsitsi limodzi. Kampata kakakula, injini imagogoda ndipo aliyense amamva. Kakachepa, injini imalila bwino kwambili, mpaka itatentha. Pamenepo imagwila mwadzidzidzi, tayala lakumbuyo n'kuima pakati pa mseu.

Kampatako diso silingakaone. Timapima ndi kaulusi kobiliwila, kofewa ngati kandulo, kamene timaitanitsa pa basi kuchokela ku Lusaka. Umapukuta chitsulo, umagonekapo kaulusi, umatseka belingi, umamanga mabauti mpaka sipanala yopimila italila kuti tha, kenako umamasulanso. Kaulusi umakapeza kataphwanyika, ndipo kufutukuka kwake umakuyelekeza ndi mizele ya pa kapepala kake. Lamulo ndi limodzi chabe: kaulusi kali m'kati, kilanki usaizunguze ngakhale pang'ono. Ukaizunguza, kamapakika ponseponse, sikakuuzanso kanthu.

Njinga ya a Nyendwa inali ndi mabelingi asanu. Lachitatu masana ndinali nditamaliza anayi, ena ndinachita kubweleza kawili katatu kuti ndipeze oyenela, moti kaulusi kanatsala kachidutswa kamodzi, kotalika ngati chikhadabo. Atata anali ku malilo ku Kalindawalo. Ndinagoneka kachidutswako pa belingi yachisanu, ndinamanga, sipanala inati tha. Ndiye m'galaja munalowa fungo la pefyumu.

“Odi kuno kwa azibambo!” anatelo Cynthia, ataima pakhomo, atakwinya siketi kuti isakhudze kanthu.

“Kuno sitiluka tsitsi.”

“Awe mwandi, ndangopita chabe. Amama ake a Wilbroad ali kwathu kuyambila mailo, agona kwathu. Ndati ndikudziwitse, mwina sanakuuze.”

Sanandiuze. Ndinapukuta manja pa kansanza.

Anayandikila n'kundisonyeza foni. Pa chithunzi panali Wilbroad atakhala pa sofa pafupi ndi amai ake, Cynthia atagwada, akumuthila madzi m'manja.

“Amama ati uyu ndiye mpongozi,” anatelo. “Nanga iwe ukamusambitsa m'manja, madzi sangade?”

Magazi anandikwela kumutu. Ndikanamuponyela sipanala, koma ndine mwana wa mpingo. Dzanja langa linangogwila chimene chinali pafupi n'kuchipotokola ndi mkwiyo wonse, uku ndikumuuza Cynthia kumene angapite ndi zikhadabo zake zogula. Anatuluka akuseka, nsapato zikuti kho kho kho. Nditayang'ana pansi, ndinaona kuti chimene ndinagwila chinali fulaiwilo, gudumu la kumapeto kwa kilanki. Ndinali nditaizunguza.

Mayo ine! Ndinamasula mabauti msangamsanga. Kaulusi kanali katapakika ngati phula, kopanda m'mphepete poti ungapime.

Ndinaimbila munthu wathu wa ku Lusaka. Ati kena kafika Loweluka, osati kale. A Nyendwa anali kubwela m'mawa.

Pa tebulo panali mabelingi awili okwana pamalopo: ya kadontho kabulauni, yomasukilapo, ndi ya kadontho kakuda, yothinilapo. Kaulusi ndi kamene kakanandiuza yoti ndiike. Ndikanatha kudikila. Ndikanatha kunena kuti bambo, pepani, mubwele Lolemba. Koma ndinaona nkhope ya amai ake a Wilbroad, ndinamva kale mawu a Cynthia akuti mwaona, chamukanika. Ndinaganizanso kuti yabulauni ingagogode pamaso pa amalume. Ndinaika yakuda. Ndinazunguza ndi dzanja, inayenda, ndipo ndinadziuza kuti zili bwino.

Kaulusi kopakika kaja ndinakapalila pa kapepala n'kupinda, n'kuika m'thumba. Mpaka lelo sindidziwa chifukwa chake sindinakataye.

* * *

Ndikutseka galaja dzuwa lisanalowe, foni inali ndi mauthenga a Wilbroad.

“Wakwiya chani? Ndaimba kanayi.”

Ndinayankha: “Madzi a Cynthia anali ofunda?”

“Ah, Rabecca. Amama anandiitana, sindinadziwe kuti ali kumeneko. Ndikanakana bwanji kusamba pamaso pawo? Ndadya pang'ono chabe, ndatuluka.”

“Nanga chithunzi anajambula ndani, mngelo?”

“Mng'ono wake. Anakonzelatu. Usawapatse zimene afuna.”

Ndinali ndikulemba kale mawu ena olasa, pamene unalowa wina.

“Mailo Lachinayi amalume akamva injini, zonsezi zitha. Ine ndikudalila iwe.”

Mkwiyo wonse unathela pomwepo. Ndinatsala ndi manyazi okhaokha, ndipo ndinafufuta zimene ndinalemba. Ndinangomutumizila kuti, “Chabwino.”

* * *

Lachinayi m'mawa anafika onse: a Nyendwa ndi chisoti chawo chakale m'manja, Wilbroad atavala malaya osita ngati akupita ku tchalitchi, ndi amai ake, milomo itathina. Atata anali atabwelako ku malilo, atakhala pa kampando kawo pakhomo.

Ndinaponda kiki kamodzi. Injini inalila pomwepo, mofewa, mopanda kugogoda ngakhale pang'ono. A Nyendwa anavula magalasi n'kuwelama.

“Yangayi? Ndi yanga yomwe ija iyi?”

Atata anadzuka, natenga sikuludilaiva yaitali. Nsonga anaika pa injini, chogwilila anaika kukhutu, monga amachitila nthawi zonse. Anamvetsela nthawi yaitali.

“Yalila bwino,” anatelo. Kenako anatembenukila kwa ine. “Asanu onse wapima?”

Funso limeneli amandifunsa pa injini iliyonse, kuyambila ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Tsikulo anafunsa anthu onse akumva.

“Onse asanu, atata.”

“Mwamva, a Nyendwa? Mwana uyu akati ndapima, wapima. Ine ndingakwele njinga yake maso nditatseka.”

A Nyendwa anandigwila chanza ndi manja awili, osaopa gilisi. Wilbroad anali kuseka yekha ngati mwana. Ine ndinamwetulila, masaya akuwawa.

Ndiye ndinaona amai ake a Wilbroad akumanga chitenje mwamphamvu m'chiuno, akuika phazi pa chopondela chakumbuyo. Ine ndinkaganiza kuti iwo apita pa basi.

“Amai,” ndinatelo, “ulendowu ndi wautali. Basi sikanakhala bwino kwa inu?”

Anandiyang'ana koyamba m'maso. “Mukuopa chani? Si mwakonza?”

“Ndakonza.”

“Ndiye tiione.”

Anati ayambe alowa kumsika kugula shuga ndi sopo, Wilbroad awapelekeze. Ndinamukokela kuseli kwa galaja. Mulungu ndi mboni, ndinamukokela kumeneko kuti ndimuuze zonse. Koma anandigwila manja onse awili n'kuwaika pachifuwa pake, pa malaya oyela aja.

“Wawaona amalume? Watha, Rabecca! Loweluka ndiwe wanga.”

Mawu amene anatuluka anali theka chabe.

“Mvela. Uwauze amalume asathamange, asapitilile liwilo la sikisite. Akafika pa Nyimba aime theka la ola, injini izizile. Ndi yatsopano m'kati. Wamva? Usaiwale.”

“Bwanji osawauza wekha?”

Ndikanawauza ndekha, atata akanamva mantha m'mawu anga. Makutu awo saphonya kanthu.

“Akumvela iwe kuposa ine,” ndinanama kachiwili, n'kumubwelezela uthengawo.

“Ndiwauza kumsika,” anatelo, n'kundipsompsona pamphumi.

* * *

Masana chakudya chinandikanika. Ndinkawelenga mseu m'mutu: apa apitilila Minga, apa afika pa Nyimba, apa aima, injini ikuzizila. Atata anafunsa ngati ndikudwala. Ndinati ndi chimwemwe chabe.

Foni inalila cha m'ma fotini, ndiye kuti thu koloko masana. Poyamba sindinazindikile kuti ndi Wilbroad, chifukwa ndinali ndisanamumvepo akulila.

“Rabecca, agwa. Amalume ndi amama agwa.”

Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti.

Anati pa chikweza china, atapitilila Nyimba, tayala lakumbuyo linangoima. Njinga inawataya pa phula, lole imene inali m'mbuyo inachita kuima pafupi ndi mutu wa amai ake. Anthu a m'lolemo ndiwo anawanyamula kubwelela nawo ku chipatala ku Nyimba. A Nyendwa anasupuka bondo ndi mkono. Amai ake a Wilbroad anathyoka dzanja.

“Ndine, Rabecca. Ndine ndawapweteka amama.”

“Iwe bwanji?”

“Sindinawauze! Kumsika tinakumana ndi anthu a kwathu, amalume akuonetsa njinga, ine ndikuseka, mpaka ananyamuka. Sanaime pa Nyimba. Unandiuza kawili konse, ine ndinaiwala. Ndine munthu wanji ine?”

Apa ndiye pamene ndinachimwa kwenikweni. Zoona zinali pa lilime, koma ndinamva kamtima kena koipa kakupumula mwa ine, kakuti wapulumuka. Ndinangoti, “Usalile. Ndikubwela, tipite limodzi.”

Ndinavula ovolosi n'kumanga chitenje. Kapepala kaja ndinakasamutsila m'kachikwama. Atata ndinawauza chabe kuti alendo achita ngozi.

M'basi, kuchoka Petauke mpaka Nyimba, Wilbroad anatsamila pa phewa langa. Ankabweleza mawu omwewo. Akanadulidwa dzanja bwanji? Lole ija ikanapanda kuima bwanji? Amai ena a mpando wakutsogolo anatembenuka n'kunena kuti, “Mwamuna wanu ali ndi mwayi, muli ndi mtima wabwino.” Ndinkamusisita m'mutu, ndikuyang'ana pawindo, ndikudziona wonyansa kuposa oilo wakutha.

* * *

Tinafika pa nthawi yoona odwala. Cynthia anali atafika kale, chifukwa amai ake a Wilbroad anaimbila iye poyamba. Anali atakhala pambali pa bedi ndi kapu ya phala, akuwamwetsa ndi supuni. Dzanja lawo lamanja linali mu pulasitala mpaka m'chigongono. A Nyendwa anali pa benchi pafupi, bondo litamangidwa mabandeji.

“Afika amakanika,” anatelo Cynthia. “Mwabwela kudzaona ntchito ya manja anu?”

Wilbroad anapita molunjika n'kugwada pansi pakati pa bedi ndi benchi.

“Amama, amalume, musamunene Rabecca. Iye anandituma kuti ndikuuzeni musathamange, ndiponso muime pa Nyimba injini izizile. Anandiuza kawili. Ine ndinaiwala. Mlandu ndi wanga.”

A Nyendwa anayamba kupuma mokweza.

“Iwe Wilbroad! Mawu awili chabe anakulemela? Mkaziyu wachita ntchito imene amuna atatu inawakanika, wakupatsa uthenga, iwe n'kuusiya pa msika ngati khoko la nthochi? Ukanatipha!”

“Pepani, amalume.”

Wilbroad anatambasula dzanja kuti agwile la amai ake. Iwo analichotsa.

“Usandikhudze. Ndinakubeleka ndine, lelo moyo wanga wauiwala chifukwa cha kuseka.” Kenako anatembenukila kwa ine, ndipo nkhope yawo inali ina. “Kani munamutuma? Ndiye ine ndakhala ndikukutukwanani pachabe kuyambila masana. Khalani apa, mwana wanga. Cynthia, apatse supuniyo.”

Mwana wanga. Miyezi isanu ndi itatu ndinali ndikudikila mawu amenewo. Cynthia anandipatsa supuni ngati akundipatsa njoka, nkhope itagwa.

“Loweluka lili pomwepo,” anatelo a Nyendwa. “Ndibwela pa basi, ngakhale ndikutsimphina. Mkazi wotele sitingamusiye. Koma mwamuna amene tikukupatsani, amai, ndi uyu mukumuonayu. Mudzavutika naye.”

Zonse zimene ndinkafuna zinali m'manja mwanga. Ukwati, apongozi, ngakhale manyazi a Cynthia. Chofunika chinali kungotunga phala n'kukhala chete. Ndinayang'ana pansi. Wilbroad anali chigwadile, mutu uli pa chitsulo cha bedi, mapewa akugwedezeka. Ndinadziwa kuti adzakhala akugwada chonchi moyo wake wonse, nthawi iliyonse amai ake akadandaula dzanja kukazizila, ndipo ine ndidzakhala pambali ndikumusisita m'mutu.

Ndinaika supuni m'kapu. Ndinatsegula kachikwama, ndinatulutsa kapepala kaja, ndinagwada pamaso pa a Nyendwa.

“Bambo, mabelingi sindinapime asanu. Ndinapima anayi.”

“Mukuti chani?”

Ndinafunyulula kapepala. “Aka ndi kaulusi kopimila belingi yachisanu. Ndinakaononga ndekha ndi mkwiyo, kena ndinalibe. Ndinayenela kukuuzani kuti mudikile. Koma ndinaopa kuti mudzati chandikanika, ndiye ndinangosankha belingi yothina, chifukwa yothina sigogoda pamaso pa anthu. Imagwila panjila. Ndinadziwa zimenezi, ndipo ndinawaona amai akukwela.”

“Koma unandituma…” anayamba Wilbroad.

“Ndinakutuma chifukwa ndinkaopa. Ngakhale akanaima pa Nyimba, sindidziwa ngati ikanafika. Ndinakusenzetsa katundu wanga osakuuza kuti muli chani.”

Palibe amene anakuwa. Ndikanakonda akanakuwa. Amai ake a Wilbroad anandiyang'ana pang'ono, kenako anatembenuzila nkhope kukhoma. Wilbroad anadzuka pang'onopang'ono, akupukuta maso ndi mkono wa malaya. Pachifuwa pake panali zizindikilo za zala zanga za m'mawa, zakuda.

“M'basi monse muja,” anatelo motsitsa mawu, “ine ndikulila pa phewa lako, kapepalaka kanali nawe?”

“Kanali m'chikwama.”

“Pa foni paja, pamene ndinati ndine munthu wanji?”

“Ndinadziwa.”

Anagwedeza mutu kawili katatu, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu. “Injini ndikanakukhululukila, Rabecca. Aliyense amalakwa.” Sanamalize. Anatuluka.

Cynthia anadikila pang'ono chabe, mwaulemu wake uja. “Ndikamupatseko madzi akumwa,” anatelo, natenga botolo n'kumutsatila.

A Nyendwa anatola kapepala m'manja mwanga. Anakayang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno, kenako anakapinda bwinobwino n'kuika m'thumba la malaya.

“Dzukani. Mukanakhala chete, palibe akanadziwa, zimenezo ndaziona. Koma mlongo wanga dzanja lathyoka, ndipo ine ndinakugwilani chanza pa bodza.” Anasisita bondo. “Loweluka ndibwela ndithu kwa a Chulu. Mawu a ukwati sindibwela nawo. Ndibwela ndi njinga pa lole, ndi kapepala aka, mudzaitsegule ine ndikuona. Atate anu anati angakwele maso atatseka. Mukawauze nokha ndisanafike.”

Ndinatuluka. Panja, pansi pa mtengo wa mango, Wilbroad anali atakhala pa mwala. Cynthia anaima pambali pake, akumupatsa botolo. Ndinaima pakhonde ndikupemphela kuti akane. Analandila.

Foni inalila m'chikwama. Anali atata.

“Rabecca, ali bwanji odwala?” anafunsa. “Mvela, pano pabwela anthu, akuti injini yako yagwila panjila. Ndawathamangitsa. Ndawauza kuti akanene mabodza awo kwina, mwana wanga anapima onse asanu. Halo? Rabecca, ukundimva?”